Kalata ya Adona M'chitini cha Mchere

Munthu akandiuza kuti amayi anga anachedwa kupita kuchipatala, ndimamuyang'ana mpaka awerame yekha. Mawu amenewa ndinawamva kwa anamwino, ndinawamva kwa adokotala, ndinawamvanso pamaliro kwa anthu amene sanabwere n'komwe kudzazonda matenda. Koma amene anandilasa nawo kwenikweni ndi adona, mzungu amene ndinkamugwirira ntchito ku esiteti ya tiyi. Sindinawakhululukire, ndipo sindikulemba izi pofuna kuwakhululukira.

Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa mwamuna wa adonawo, bwana wamkulu wa esitetiyo, m'munsi mwa phiri. Kusesa, kuchapa, kusita, ndipo khukhi wawo atakalamba ndinalowanso kukhitchini. Sindinkagona komweko. M'mawa ndinkapalasa njinga kuchokera kwathu cha ku Chinakanaka, madzulo n'kubwerera. Nyumba yanga inayang'anizana ndi ya amayi, monga timakhalira kuno: ana aakazi sitichoka pamudzi, amuna ndiwo amabwera. Wanga anabwera, anandisiyira ana awiri, n'kupitiriza ulendo wake kutsidya la malire, komwe ndikumva kuti akusintha ndalama pamsewu. Choncho tinkadya pamodzi. Amayi ankaphika, ine ndinkapeza zapsa.

Amayi anathyola tiyi kuyambira ali mtsikana mpaka msana utakana dengu. Makolo awo anachokera ku Mozambiki ndi miyendo, ndipo iwo anatengera mtima womwewo wopirira mopusa. Munga ukawabaya ankauzula ndi singano akuyankhula nkhani zina. Mutu ukawapweteka ankamanga duku molimba n'kupita kumunda wa chinangwa. Kudandaula ankakuyesa ulesi.

Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Amaphika zonse bwinobwino, koma ikafika nthawi ya mchere amaitana wina kuti adzathire. Amati akathira yekha, odya ndiwozo amadwala tsempho, kutsokomola ndi kutupa miyendo. Tinauzidwa kuchinamwali, ndipo ngakhale ife ovala yunifomu ya chigwirizano Lachinayi timatsatabe mwakachetechete. Amayi anali atamasuka ku lamulo limeneli zaka zingapo, pakuti kusamba anali atasiya. Ankachita kunyadira, n'kumanditsinzinira diso ine ndikakhala pambali masiku anga, iwo akuwaza mchere ndi dzanja lonse.

Ndiye tsiku lina nditangotsamiritsa njinga, anandiitana kukhitchini. Pamoto panali nandolo. Anandilozera kambale ka mchere ndi mlomo. Ndinaseka, ndinawafunsa ngati abwerera ku utsikana. Anandiyang'ana ndi diso limene linkandiletsa kuseka m'tchalitchi ndili mwana, ndipo ndinathira mcherewo n'kutuluka.

Mawa lake chimodzimodzi. Sabata inatha, mwezi unatha. Nandolo anatha m'munda, tinalowa m'nyengo ya mango, mvula inagwa, tinadya maungu, kunazizira, nandolo wina anachita maluwa, ine ndikuthirabe mchere. Masana ndikakhala kuntchito ankadya ndiwo zozizira zopanda mchere, kapena kuitana mkazi wa nyumba yoyandikana nayo. Kuwerenga masiku ndimadziwa, ndine mkazi. Ndinkadziwa kuti palibe mwezi umene umatha chaka. Koma mwana safunsa mayi ake za m'nsalu. Zimenezo amafunsana akuluakulu okhaokha, ndipo amene akanawafunsa, achemwali awo, anali atamwalira kale. Ndinkaona nsanza zitayanikidwa kuseri kwa bafa, pansi pa chitenje kuti zisaoneke, ndipo ndinkatembenuza nkhope mwaulemu. Ulemu umenewo ndimadana nawo mpaka lero.

Chaka chomwecho kunyumba ya bwana kunabwera kalata. Makalata a adona ochokera kwawo ankabwera m'phukusi limodzi ndi magazini, dalaivala akapita kupositi. Iyi inali ya envelopu yoyera yokhala ndi kachizindikiro kobiriwira pakona. Adona anaiwerenga ali pakhonde, n'kudandaula ngati munthu amene wauzidwa kuti akakonzetse galimoto. Anandifotokozera kuti kwawo chipatala chimalembera mkazi aliyense pakapita zaka zingapo, kumukumbutsa kuti akayezetse khomo la chiberekero. Ndinafunsa ngati akumva kupweteka penapake. Anati ayi, ali bwinobwino. Ndinaganiza kuti sindinamve Chingerezi chake. Chipatala kulembera kalata munthu wosadwala, kuchita kumupempha kuti abwere? Kuno umadzuka tambala asanalire, kukakhala pabenchi ndi malungo ako, n'kubwerako ndi panado.

Anapita pa tchuthi chawo. M'malo mwa mwezi umodzi anakhalako inayi. Bwana anatiuza antchito tonse ndi nkhope yakugwa kuti adona awapeza ndi khansa, ndipo tinawapempherera, ine ndemwe ndinatsogolera pemphero kuseri kwa galaja. Atabwerako anali ataonda pang'ono chabe. Pasanathe milungu itatu ndinali ndikusita kale kasiketi kawo koyera kosewerera mpira kukalabu.

Anali munthu wokonda kuyankhula, makamaka kwa ine, chifukwa wantchito sadula bwana pakamwa. Tsiku lina ndikusenda mbatatesi anakhala pampando wa kukhitchini n'kundifotokozera zonse. Anati kanthuko kanali kakang'ono kwambiri, iwo sakanakadziwa pakanapanda kalata ija. Anakachotsa, kenako kwa milungu ingapo ankagona pansi pa makina otentha chotupa ndi cheza, kuti pasatsale kalikonse. Anati m'chipatalamo masana aliwonse ankawabweretsera tiyi pa kangolo, ndipo ankauza odwala anzawo kuti mwina masamba ake ndi a pa esiteti yathu yomwe ino. Apa anaseka. Kenako anati mwayi wawo unali woti sanafike potaya magazi, chifukwa mkazi amene anasiya kusamba akayambanso kuona magazi, ndiye kuti zinthu zafika patali.

Mpeni unandiima m'manja. Adona anapitiriza nkhani ya chipale chofewa chimene chinagwa ali m'chipatala, koma ine ndinali nditachoka kale, mtima uli kumudzi.

Madzulo amenewo ndinapalasa njinga ngati wothamangitsidwa. Ndinapeza amayi atakhala pamphasa pafupi ndi moto, mphika wa masamba a chinangwa ukuwira. Anandilozera kambale kaja. Ndinakhala pansi, manja ndinapinda.

"Lero sindithira, amayi, mpaka mundiuze. Magaziwa anayamba liti?"

"Iwe, pakamwa pako pomwepo ukundifunsa zimenezo? Ndinakubala ndine."

"Mundimenye ngati mukufuna. Anayamba liti?"

Anayamba kusonkhezera nkhuni zimene zinali zikuyaka kale. Kenako anayankhula motsitsa, maso ali pamoto.

"Ndimati zisiya zokha. Ndimati bola ndisakudwalitseni inu ndi anawa."

Ndiye ndi mmene zinalili. Chaka chathunthu munthu akutha magazi, nkhawa yake yonse inali yoti ife tisatupe miyendo.

Ndinapempha tsiku kuntchito n'kuwatengera kuchipatala. Kumeneko ndinamva kuti kuyeza kumeneku kuliko kuno kwathu, kwaulere, ndipo amagwiritsa ntchito viniga, yemwe uja ndinkathira mu saladi ya adona. Amapaka pakhomo la chiberekero n'kuona ngati pasintha mtundu. Ndinafunsa kuti nanga bwanji sitinamve. Namwino anati amalengeza kawirikawiri kusikelo ya ana. Amayi anga mwana wawo womaliza anali ndi ndevu, kusikelo akanakatani? Namwinoyo viniga wakeyo sanamutsegule n'komwe. Anangoyang'ana, n'kutuluka kukaitana mnzake, ndipo pobwera anali akulemba kale kalata yotitumiza ku tauni. Apo ndi pamene ndinamva koyamba kuti tachedwa.

Ku tauni tinapitako katatu. Ulendo wachitatu dokotala wachinyamata, wamaso otopa, anandiitanira pambali. Anati chotupa chafalikira, mpeni sungathandizenso. Chimene chikanathandiza ndi makina a cheza aja, koma nthawi imeneyo m'dziko lonse lino munalibe ngakhale amodzi. Anati odwala otere amalembedwa pa mndandanda wodikira kutumizidwa kunja, ndipo dzina la amayi alilemba. Ndinafunsa kuti mndandandawo ndi wautali bwanji. Anayang'ana pansi, n'kuyamba kundifotokozera kamwedwe ka mankhwala oletsa ululu. Sindimuda dokotala ameneyo. Anali ngati munthu amene wapatsidwa khasu lopanda mpini n'kuuzidwa kuti alime.

Nditabwerera kuntchito ndinawauza adona zonse. Sindinapemphe kanthu. Ndinangofuna kuti munthu amene anagonapo pansi pa makinawo andiuze ngati pali khomo lina limene ife sitikulidziwa. Analira, ndipo misozi yake inali yeniyeni, sindinganame. Anatsegula kabati n'kundipatsa nsalu zoyala pabedi, matawulo ndi sopo wonunkhira. Kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti:

"Akanangopita msanga. N'chifukwa chiyani anthu anu amadikira mpaka mochedwa chonchi?"

Anthu anu. Ndinayang'ana dzanja lawo lofewa lili pa langa. Ndinafuna kuwafunsa kuti iwo anafulumira ndi nzeru ziti, popeza ndinawaona ndi maso angawa akudandaula pakhonde kuti kalata yawasokonezera tchuthi. Sanamve ululu, sanaone chizindikiro, sanayende ndi phazi kupita kulikonse. Dziko lawo linawasaka mpaka kuwapeza kuno kuphiri, kutsidya la nyanja zikuluzikulu, n'kuwakoka pa mkono. Amayi anga dziko lawo linkawadziwa pa nthawi ya voti pokha. Ndipo tiyi uja ankamwa m'chipatala chawo chokongolacho n'kumaseka, anathyola ndani? Msana wa amayi unapindikira m'mizere imeneyo, masamba n'kukwera sitima, ife n'kutsala ndi viniga. Zonsezi zinafika pakhosi. Koma ndinali ndi ana awiri ndi wodwala, choncho ndinati zikomo adona, n'kupinda matawulo aja bwinobwino.

Kuyambira tsiku limenelo ndinawada. Ndinkadana ndi kuseka kwawo, ndinkadana ndi kasiketi koyera kaja, ndinkadana ndi mmene ankafunsira m'mawa uliwonse kuti amayi agona bwanji, n'kuyamba kupaka batala pa buledi ndisanamalize kuyankha. Ndikudziwa kuti makinawo sanawabise ndi iwo. Koma dziko lolemera silibwera kukhitchini kuti ulitukwane. Amene ankabwera ndi adona.

Matendawa ndi onyoza. Samangopha, amayamba achotsa munthu ulemu. Fungo litayamba, amayi anasamuka okha m'nyumba yaikulu n'kukayala mphasa m'kakhitchini kawo, amati kuli kamphepo kabwino. Tonse tinkadziwa chifukwa chake, ndipo apanso tinakhala chete mwaulemu. Amayi a chigwirizano ankabwera kudzaimba, koma ankaimbira pabwalo. Munthu amene sindinamuonepo bondo chibadwire changa ndinayamba kumusambitsa ngati khanda, iye atatembenukira kukhoma. A zaumoyo ankabwera ndi botolo la mofini wamadzi, ndipo mofini ameneyo yekha ndi amene ndingamuthokoze, chifukwa ankawapatsa maola angapo oti akhale munthu.

Tsiku lina Loweruka mankhwalawo atagwira bwino, anaumirira kuti aphike kalongonda. Nyemba zimenezi zimafuna tsiku lonse, kuwiritsa ndi kutaya madzi, kuwiritsanso ndi kutayanso, apo ayi zimaledzeretsa. Ine ndinkanyamula mphika, iwo ankalamula ali chikhalire. Zitapsa anandilozera kambale. Ndinakatenga n'kukaika m'manja mwawo. Ndinawauza kuti adokotala anena kuti awa si magazi a mwezi, ndi matenda, sangadwalitse munthu, athire okha ngati kale. Anakayang'ana kambaleko, ndipo ndinaona kuti akufuna. Koma anakabweza kwa ine.

"Magazi ndi magazi, mwanawe. Thira."

Sanagwirenso mchere mpaka tsiku lawo. Anamwalira m'mawa wina mvula ikuwaza, nthawi imene anthu othyola tiyi amadutsa pamsewu atafunda mapulasitiki. Za mndandanda uja palibe amene anatiimbira. Lero ndikumva kuti makinawo anafika m'dziko muno, komanso atsikana akubayidwa katemera kusukulu, ndipo wanga ndinachita kumuperekeza ndekha. Zili bwino. Koma asandiuze kuti ndiombe m'manja.

Nditabwerera kuntchito maliro atatha, mutu uli wometa, adona anandikumbatira. Ndinaima ngati mtengo mpaka atandisiya. Patapita masiku owerengeka dalaivala anabweretsa phukusi la kupositi iwo ali kukalabu. Ndinalimasula kuti ndiike magazini patebulo monga mwa masiku onse, ndipo pakati pake panagwa envelopu yoyera ya kachizindikiro kobiriwira. Ndinaizindikira nthawi yomweyo. Anali atandiuza kuti chipatala chidzawaitananso kuti chikaone ngati kanthu kaja sikanabwerere, ndipo anati ulendo umenewo ndi wosayenera kuuphonya.

Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinaipinda pakati, ndinatsegula chitini chachikulu chimene tinkasungiramo mchere, n'kuilowetsa pansi pa paketi. Ndinene mosabisa: ndinkafuna kuti achedwe. Sindikudziwa ngati ndinkafuna kuti afe, mwina ayi. Koma ndinkafuna kuti tsiku lina dokotala wa kwawo awayang'ane n'kuwafunsa chifukwa chake anadikira, iwo asowe choyankha, amve mmene mawuwo amalasira munthu amene sanalakwe.

Inakhala mmenemo milungu itatu. Tsiku lililonse ndinkatsegula chitinicho kawiri, masana ndi madzulo, ndipo ngodya ya envelopu inkandisuzumira. Ndinkatapa mchere, kuthira mu supu wawo, kutseka. Kukhitchini kwa azungu kulibe lamulo la mwezi, ndinkathira masiku onse, ndipo palibe anatupapo miyendo. Masiku oyamba ndinkamva kukoma. Ndinkawapatsa mbale ndikumwetulira, mwina koyamba chimwalirire amayi.

Chimene chinandigonjetsa si chisoni. M'mawa wina adona anatuluka kuchipinda atagwira m'chiuno, n'kunena kuti msana ukuwapweteka, mwina agona moipa. Amayi nawonso ankagwira malo omwewo. Nditalowa kukhitchini kukaphika, ndinatsegula chitini, dzanja n'kukana kulowa. Ndinaona amayi akundibwezera kambale kaja. Munthu uja anadya ndiwo zozizira chaka ndi miyezi, anafa osalawa dzanja lake, kuopa kuti mchere wake ungapweteke wina. Ndipo ine mwana wake ndinali nditaika mu mchere momwemo chinthu choti chipweteke munthu. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anandikwiyitsanso, chifukwa sindinkaona kuti adona ndi oyenera manyazi anga.

Ndinaitulutsa. Nyengo ya mvula mchere umanyowa, ndiye envelopu inali itafewa, inki ya adiresi itayamba kuyenderera. Ndinaipukuta pa epuloni, ndinaiika pa thireyi pambali pa kapu ya tiyi, n'kupita nayo pakhonde. Ndinali nditakonzeka kuchotsedwa ntchito. Ndinali nditakonzanso mawu, onse aja anatsakamira pakhosi tsiku la matawulo, kuti akangondifunsa kumene kalatayi inali ndiwakhuthulire.

Anaitenga, anaitembenuza, n'kufunsa chifukwa chake yanyowa. Ndisanatsegule pakamwa anali ataing'amba kale. Anaiwerenga mwachidule n'kuseka pang'ono.

"Aa, ndi iyi. Anandilembera kale pa kompyuta mwezi watha, ataona kuti sindinayankhe anachita kundiimbira foni. Ndinyamuka Lachiwiri. Unditsitsire sutikesi yaikulu ija."

Anaifinya n'kuiponya m'kabasiketi ka zinyalala, n'kunyamula kapu yawo.

Ndinaima pamenepo ndi thireyi m'manja. Milungu itatu ndinadzisandutsa mfiti, ndinasenza tchimo limene ndidzayankhe kumwamba, ndipo ndi chidani changa chonsecho ndinalephera kuwachedwetsa ngakhale tsiku limodzi. Amayi anga panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ankawada, koma anachedwa chaka chathunthu.

Adona anakweza maso n'kundifunsa ngati pali china. Ndinati palibe. Ndinapita kukatsitsa sutikesi ija, ndinaipukuta fumbi, ndipo masana ake pokhuthula kabasiketi ndinaponya kalatayo pamoto pamodzi ndi makoko a mbatatesi.